Malume ku Kabula, Baibulo M'khwapa

Malume anga ndi mkulu wampingo kwathu ku Dedza, ndipo udindowo anaulandira ine ndisanamere mano. Mwezi wathawu anandiimbira foni tambala woyamba asanalire. "Mphwanga, maondo ayamba kundilankhula. Ndisanaitanidwe kumwamba ndikufuna ndikaone ndi maso angawa tchalitchi cha pa mishoni ku Kabula. Ubwere udzanditenge." Ndinayesa kuwafotokozera mmene mtengo wa thiransipoti wakwerera. Iwo anangoti, "Mwini zonse aona chochita." Anaonadi chochita, chifukwa ndalama yonse inatuluka m'thumba mwanga. Nazi zimene ndinaona pa sabata imene ndinayenda ndi munthu wa Mulunguyu.

Pemphero la matayala

Pa Dedza tinakwera kosita. Malume anakhala kutsogolo pafupi ndi dalaivala, ati woyang'anira nkhosa sakhala kumbuyo. Injini itangolira anakweza dzanja. "Tiyeni tipemphere." Kondakitala anavula kapusi. Pemphero linayambira pa dalaivala, linapita pa mabuleki, linakhota pa chiwongolero, kenaka linatsikira ku matayala, limodzilimodzi: awiri akutsogolo, anayi akumbuyo. Pamene ameni ankamveka, mayi wina anali atayamba mkonono, ndipo mnyamata wogulitsa mazira pawindo anali atamaliza thireyi yonse n'kukatenga ina.

Ulendo wa kunja kwa dziko

Aliyense woyenda mumsewu wa M1 amadziwa kuti pa Lizulu msewu ndiwo malire: mbali ino Malawi, mbali iyo Mozambique. Malume anatsika, anawoloka msewu, anagula kabichi ndi kachewere, n'kufunsa mayi wogulitsayo ngati amapemphera. Mayiyo anavomera ndi mutu uku akuwerenga chenji. Atabwerera m'galimoto anatulutsa kabuku ndi cholembera.

"Mukulemba chiyani, malume?"

"Lipoti la ku seshoni. Uthenga ndaufikitsa kunja kwa dziko, popanda pasipoti, popanda alawansi."

Mayeso a mlaliki

Pa Ntcheu panakwera mnyamata wa suti yonyezimira ngati lata latsopano, atanyamula Baibulo lalikulu kuposa la paguwa. Anayamba ndi moto. "Abale, Mose atakhoma chingalawa, anthu ankamuseka!"

Malume anakweza dzanja ngati mwana wa sitandade 3. "Pepani abusa, chingalawa anakhoma ndi Nowa."

Mlaliki sanagwedezeke. "Aleluya! Ndimafuna ndione ngati mukumvetsera." Posakhalitsa anamezetsa Danieli chinsomba. Dzanja la malume linakweranso. Mayeso achitatu asanafike, mnyamatayo analengeza kuti nthawi ya chopereka yakwana, n'kuyendetsa chipewa. Malume anaikamo mbatata zitatu za kachewere.

"Zoyamba kucha za ku Mozambique," anatero. "Ndalama ndidzakupatsani mukadzakhoza mayeso a kalasi."

Tisanafike pa Chingeni, Baibulo linali litabwerera m'chikwama, ndipo mlaliki uja anali akugulitsa mankhwala otsukira mano amene amachiritsanso msana.

Wokhometsa msonkho

Pa tologeti ya Chingeni, imene inayamba kulipiritsa magalimoto mu 2021, dalaivala anatulutsa ndalama. Malume anasuzumira pamwamba pa phewa lake, n'kuona mtsikana ali m'kanyumba akulemba malisiti. Nkhope yawo inawala.

"Mwana wanga, ntchito yako ili m'Buku. Mnzako wina, dzina lake Mateyu, ankakhala m'kanyumba kotereka. Ataitanidwa anasiya zonse pomwepo, ndipo mpaka lero dzina lake likutchulidwa dziko lonse."

Mtsikanayo anamwetulira. "Zikomo agogo. Koma kodi ana ake a Mateyu ankadya dzina?"

Malume anakhala chete mtunda wautali ndithu. Kenaka anandinong'oneza: "Ameneyu akanakhala wa kwathu, ndikanamusankha msungichuma wa mpingo."

Mose sanafike ku Phalula

Titangodutsa Phalula tinamva phuu! Tayala lakumbuyo linaphulika. Anthu onse anatembenukira kwa malume. Kondakitala anatulutsa la sipeya, n'kupeza kuti nalonso mulibe mpweya. Malume anagwira mutu. "Kulakwa n'kwanga, abale. La sipeya ndinaliiwala m'pemphero."

"Nanga laphulikali, si munalipempherera?" anafunsa bambo wina.

"Ndinapempha kuti tikafike amoyo. Kodi wafa ndani?"

Tikudikira, panafika anyamata ogulitsa mbewa zapampani. Malume anagula mpani wonse. Mtsikana wina wa m'tauni anakwinya nkhope. "Agogo, chilamulo cha Mose sichiletsa zimenezo?"

"Mwana wanga, Mose sanafike ku Phalula. Ndipo ukawerenge masomphenya a Petro ku Yopa. Chinsalu chija chinatsika ndi ndiwo zamitundumitundu." Anapempherera mbewazo mwachidule kwambiri, pemphero lalifupi kuposa onse amene ndinawamvapo.

Yordano wa pa Zalewa

Pamlatho wa Zalewa anaona Shire akuyenda mwachifatse. "Yordano!" anafuula. "Tsidya ilo ndi Kanani." Ndinawafotokozera kuti madzi ambiri amene timamwa mu Blantyre amachokera mumtsinje womwewu, amawapopa pa Walker's Ferry n'kuwakweza mapiri onsewa mpaka kufika m'mipopi yathu. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi.

"Namani anamira kasanu n'kawiri, khate linatha. Iwe ukusamba mu Yordano tsiku ndi tsiku, koma khate la ngongole silikukuchoka. Vuto si madzi, mphwanga."

Abale a pa Wenela

Tinafika pa Wenela dzuwa litalowa. Dzina la malowa malume amalidziwa kuposa ine. Linachokera ku bungwe lija lotchedwa WNLA, limene linkalemba anthu ntchito ya m'migodi ya ku Joni, mpaka pamene Kamuzu analetsa mu 1974 ndege yonyamula anthu athu itagwa ku Francistown. Bambo awo a malume anadzera njira yomweyo, n'kubwerako ndi njinga, jekete ndi chifuwa.

Ali mkati mondifotokozera, anyamata atatu anagwira chikwama chawo, wina chogwirira, wina lamba, wina zipi, aliyense akukokera kwake. "Tiyeni biggie! Tiyeni madala!"

Malume anagwetsa misozi. "Ankandinamiza kuti m'tauni mulibe chikondi. Taona, anthu atatu akulimbirana kundinyamulira katundu!" Chikondicho chinandidyera ndalama katatu.

Kwaya ya m'bandakucha

Kunyumba kwanga ku Kanjedza, mayi a kunyumba anawalandira atagwada, ndipo malume anawadalitsa mpaka nsima kuzizira. Atadya anatuluka panja n'kuyamba kuunguza. "Apongozi, mitengo ya kanjedza ili kuti? Ine ndimayesa ndafika ku Yeriko." Mayi a kunyumba anawauza kuti kanjedza woti n'kukwanira mpingo wonse amaoneka pa Lamulungu la Kanjedza lokha. "Ndiye muli ngati Akhristu ena," anatero. "Dzina lilipo, masamba palibe."

M'bandakucha ndinadzidzimuka chitseko chili pululu, malume palibe. Paja ku Kanjedza kuno kuli sukulu yophunzitsa apolisi, ndipo ophunzirawo amathamanga akuimba anthu tili m'tulo. Malume atamva nyimbo anayesa ndi mapemphero a m'mawa, anatenga buku la nyimbo n'kulondola. Ndinawapeza pamphambano atagwira m'chiuno, akupuma ngati mvukuto.

"Kwaya imeneyi mawu ili nawo," anatero. "Koma wotsogolera wake alibe chifundo ndi okalamba."

Mayesero a pa siteji

Lachisanu malume amasala kudya. Tinaima pa siteji kudikira minibasi. Woitanira woyamba anafika pamaso pawo penipeni. "Kudya! Kudya! Madala, Kudya?"

"Choka Satana!" anatero malume, atakumbatira Baibulo.

Ndinawafotokozera kuti Kudya ndi malo a ku Soche. Tili apo wina anakuwa, "Manja! Manja!" Malume anaika Baibulo m'khwapa n'kuomba m'manja. Nditawauza kuti kulinso dera lotchedwa Manase, anafunsa ngati Efraimu ali pafupi. Koma chimene chinawagwetsa mphwayi ndi cha ku Limbe, kumene anamva mnyamata akuitanira anthu opita kwa Angelo Goveya.

"Mphwanga, pali galimoto yopita kwa angelo, ndipo iwe sunandiuze? Ndi zingati?"

Atamva mtengo anapukusa mutu. "Kutchipa chonchi, ndipo mipando ikusowa anthu. Dziko latha."

Tchalitchi chopanda pulani

Tsiku lalikulu linafika. Titalowa pa mishoni, malume anavula chipewa tikadali pageti. Mbiri ya malowa anandiphunzitsa ndi iwo, ine amene ndakhala mumzinda uno zaka zambiri. Amishoni a Church of Scotland anafika pano mu 1876, m'dziko la mfumu Kapeni, malo atawasankha Henry Henderson, amene dzina lake lili pa sukulu ya HHI. Anawatcha Blantyre pokumbukira mudzi wa ku Scotland kumene David Livingstone anabadwira mu 1813. Tchalitchi cha St Michael and All Angels anachimanga kuyambira 1888 mpaka 1891. Wotsogolera ntchito anali m'busa David Clement Scott, munthu amene sanaphunzirepo zomangamanga, ndipo omangawo anali anthu akuno amene anaphunzira ntchitoyo ali pantchito pomwepo, njerwa akuumba ndi kuwotcha okha. Scott yemweyo ndiye analemba dikishonale ya Chimang'anja imene inatuluka mu 1892.

Malume anazungulira tchalitchicho katatu, akusisita njerwa ngati akusisita mwana wakhanda. Anayang'ana nsanja, anayang'ana mazenera, anagwada, anapemphera chamumtima kwa nthawi yaitali. Ine ndinaima pambali, ndipo kunena zoona chinachake chinandigwira pakhosi.

Atadzuka anapukuta maso n'kundifunsa modekha: "Paja nyumba yako ya ku Chigumula ili ndi pulani?"

"Ili nayo, malume. Yojambulidwa pa kompyuta."

"Unayamba liti?"

"Chaka chino n'chachisanu n'chinayi."

"Yafika pati?"

"Pawindo."

"Awa analibe kompyuta, anamaliza pa zaka zitatu, ndipo papita zaka zoposa 130 chilipobe. Ukang'ambe pulaniyo, mwina ndi imene ikukuchedwetsa."

Dzina la pa Mandala

Kuchokera apo tinapita ku Mandala, kukaona nyumba yosanja ija ya 1882, imene inali likulu la kampani ya African Lakes. Ndinafuna nane ndioneke wodziwa, choncho ndinawauza kuti dzinali linachokera pa magalasi a m'maso a John Moir, mmodzi wa abale awiri amene ankayendetsa kampaniyo. Anthu ataona kunyezimira kwa magalasiwo anamutcha Mandala, ndipo dzinalo linamatirira sitolo zake ndi dera lonse. Malume anawonjezera kuti n'ku Mandala komweku kumene anthu a John Chilembwe anabwera usiku kudzafuna mfuti mu January 1915.

Kenaka anakonza magalasi awo omangidwa ndi ulusi. "Ukuona, mphwanga? Munthu amamutcha dzina ndi chimene anthu amamuona nacho tsiku ndi tsiku. Mwayi wako ndi wakuti sunabwere ndi amishoni. Bwenzi lero minibasi zikuitanira kuti, Ngongole! Ngongole! Mmodzi wotsala!"

Eliya ndi Yona

M'tauni ndinali ndi kanthu koti ndikasiye pa ofesi ina m'nyumba yosanja. Tinalowa m'chikepe. Chitseko chitadzitseka chokha malume anandigwira mkono. Chikepe chitayamba kukwera anatseka maso. "Eliya anapita chonchi. Ukawauze kumudzi kuti mbuzi ija ndi ya mpingo."

Mwadzidzidzi magetsi anazima, chikepe chinaima pakati, mdima bii. Bambo wina wa tayi anayamba kumenya chitseko, mayi wina kuitana amake. Malume okha ndiwo anali phee.

"Tsopano tachoka kwa Eliya, tafika kwa Yona. Abale, wathawa ntchito ya Mulungu ndani muno? Adziulule msanga, tisagone masiku atatu."

Bambo wa tayi uja anaulula kuti chakhumi anasiya kupereka kalekale. Jenereta inalira nthawi yomweyo. Mpaka lero malume salola kuti zinangochitika.

Chitsitsimutso cha pa Chichiri

Loweruka tinayamba ndi nyumba yosungiramo zinthu zakale pa Chichiri, imene inatsegulidwa mu 1966. Panja anasangalala ndi injini zakale za nthunzi. Koma mkati, ataona makasu, mitondo, miphika ndi zikwatu zili m'magalasi, anaima kakasi. "Katundu wa m'nyumba mwanga yenseyu! Ndiye ine ndimagona mu miyuziyamu? Ukadzabwera kumudzi uzilipira pakhomo."

Potuluka tinaona chipilala cha ufulu wa 1964 chitatang'adza msewu wa Masauko Chipembere. Kenaka kunamveka mkokomo kuchokera pa Kamuzu Stadium. Anthu ofiira mbali iyi, abuluu mbali iyo, ng'oma, malipenga, ena atadzipaka penti thupi lonse.

"Chitsitsimutso chachikulu chonchi! Akulalikira ndani?"

"Ndi mpira, malume. Maule ndi Manoma."

Anafunsa kuti anthuwo amafika nthawi yanji. Ndinati ena amafika kukadali maola atatu. Anafunsa ngati amalipira. Ndinati pakhomo pomwe, osadandaula. Anafunsa ngati amawodzera. Ndinati ayi, ngakhale mvula igwe. Anatulutsa kabuku kaja. "Seshoni iyenera kutumiza anthu adzaphunzire kuno."

Pobwerera tinadzera pa Njamba, pamene Papa John Paul II anachititsa Misa mu May 1989. Malume, Mpresibeteriya wa magazi, anavulanso chipewa. Nditawayang'ana modabwa anati, "Mlendo wa mnansi wako ndi wako yemwe. Ndipo chipewachi chikundithina."

M'busa malo ake

Lamulungu tinakapemphera kufupi ndi kunyumba. Nthawi ya chopereka ndinatulutsa mwakachetechete K200. Dzanja la malume linagwira langa ngati pulayala.

"Pali nkhope ya ndani apo?"

"Mayi Rose Chibambo."

"Mayi amenewo anatopa ndi kumenyera ufulu, asiye apume. Tulutsa m'busa. M'busa malo ake ndi kutchalitchi, osati m'chikwama."

Ndinamva msanga kuti akunena Chilembwe, amene anayambitsa mpingo wa PIM ku Mbombwe m'boma la Chiradzulu mu 1900. Mwanzeru zanga ndinasolola K500, paja napo pali nkhope yake.

"Ameneyo ndi wa ku nthambi. Tulutsa wa ku likulu."

K2000 inapita ikundiyang'ana.

Kulalikira osatsegula pakamwa

Lolemba tinapita mu Limbe kukagula nsalu ya azakhali. Ndinawachenjeza kuti m'chipwirikiti cha anthu muli ena a zala zazitali. Anati iwo amayenda ndi mlonda wosagona. Sitinayende mtunda, mnyamata wina anawagunda phewa, anapepesa mwaulemu, n'kuzimirira. Malume anapapasa thumba lakumbuyo. Kachikwama kachikopa kanali katapita.

Ine mtima unagwa. Iwo anayamba kuseka mpaka kukhosomola.

"Munali ndalama zingati, malume?"

"Munali Chipangano Chatsopano chaching'ono ndi khadi la malonjezo a chitukuko cha mpingo. Ndatsala ndi miyezi itatu yosalipira. Mawu walandira, ngongole watenganso. Zaka zonsezi sindinalalikirepo msanga chonchi."

"Nanga ndalama?"

Anakweza mwendo wa buluku n'kundionetsa sokosi yotupa. "Chikhulupiriro n'chabwino, mphwanga, koma chimayenda bwino ndi sokosi."

Pamwamba pa Michiru

Tsiku lomaliza anati akufuna phiri. Ndinawatengera ku Chilomoni, kumene Njira ya Mtanda imakwera phiri la Michiru mpaka pamtanda waukulu. Ndinanyamula madzi awo, ndikudandaula za maondo aja. Pa malo oimapo oyamba tinali limodzi. Pa achitatu ndinayamba kuona nyenyezi masana. Pa achisanu ndinakhala pamwala, n'kunamizira kuti ndikusinkhasinkha. Malume, ndodo m'manja, anabwerera kudzanditenga.

"Paja odwala maondo ndi ndani?"

Tinafika pamwamba iwo atanyamula botolo lawo, langa ndi jekete yanga. Mzinda wonse unali pansi pathu: Ndirande uko, Soche uko, malata akunyezimira mpaka kumene maso amalekezera. Anthu ena anali atagwada m'mathanthwe, aliyense akulankhula ndi Mulungu wake. Malume anapempherera mzinda wonse, dera ndi dera, osaiwala Kudya, Manja, Manase ndi kwa Angelo. Anapemphereranso wakuba uja, mlaliki wa mankhwala a mano, ndi mtsikana wa pa Chingeni. Pomaliza anatchula matayala onse a mu Blantyre, "pamodzi ndi a sipeya."

Potsika anandifunsa kuti malo onse tinayendawa ndinali nditafikako kangati. Ndinawerenga m'mutu. Pa mishoni ndinkangodutsa pa minibasi. Ku Mandala ndinkangomva. Ku miyuziyamu ndinapitako ndili pasukulu, ndipo chimene ndimakumbukira ndi mandasi a pageti.

"Mbuzi yogona pafupi ndi nkhokwe ndiyo imafa ndi njala," anatero. Mwambi umenewu sindinaumvepo kwina. Ndikukayikira kuti anaupeka pomwepo, koma unandilasa.

M'mawa mwake ndinawakweza basi pa Wenela. Anakhala kutsogolo, ndipo pamene ndinkachoka dzanja linali litakwera kale, kondakitala akuvula kapusi. Madzulo anaimba foni kuti afika bwino, n'kuwonjezera kuti chaka chamawa abwera ndi amayi a chigwirizano okwana kosita yonse, ndipo Mwini zonse aonanso chochita. Ndayamba kale kusunga.

Inu a Kanjedza, a Chitawira, a Bangwe ndi a Ndirande, musadikire malume a kumudzi kuti adzakuonetseni mzinda wanu. Loweruka likubwerali tengani ana, mukaone tchalitchi cha 1891, nyumba ya 1882 ndi mtanda wa pa Michiru. Pempherani musananyamuke, tayala la sipeya mulitchule, ndipo ndalama muike m'sokosi.